Chikho Chasiliva cha a Twaibu

A Twaibu Mkwepu anali dokotala wa kachipatala kathu kufupi ndi Liwonde. Posoka bala analibe mnzawo. Kusukulu ya zachipatala anaposa onse, ndipo anapatsidwa chikho chasiliva cholembedwa dzina lawo.

Mu 1974 akazi awo, poopa kuti ana angachiwononge, anachotsa chikhocho patebulo n'kuchiika pamwamba pa kabati. Sanaone kuti chapitirira chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chomwe masiku amenewo sichinkapitiriridwa ndi kanthu kalikonse m'nyumba.

Anyamata achipani ogulitsa makadi atachiona anakokera a Twaibu panja, n'kuwamenya ndi zibonga mpaka kuwagulula mano. Tcheyamani wawo, Feston, anawapanikiza dzanja lamanja pamwala n'kuliphwanya ndi chikho chomwecho, chala chimodzichimodzi. Ife tinangoonerera, amantha ife!

Patatha miyezi itatu ng'ona inang'amba ntchafu ya mkazi wa Feston akutunga madzi ku Shire. Feston anafika naye pachipatala magazi ali chuchuchu.

"Adokotala, msokeni!"

A Twaibu anatenga singano, koma inagwa. Anaitola, inagwanso. Analimbana n'kusoka ndi dzanja lamanzere mpaka mayiyo anatsirizika. Kenako anatambasulira Feston zala zopindika zija.

"Dzanja lomwe mumafuna lija ndi ili, bambo."