Chimbale Chobwereka

Akulu anga anabwera kudzakhala nafe ku Kabwata atangotuluka m'chipatala. Anali atadwala sitiroko. Dzanja lamanzere linafooka, mwendonso ankachita kuukoka. Kwawo ku Chelstone ankakhala okha, alamu anga anali atamwalira kale, ana ali kutali, choncho ine ndi mkazi wanga tinawakonzera kachipinda ka ana pa fulati yathu ya m'mwamba. Moyo wawo wonse anali dalaivala. Anayendetsapo mabwana, anayendetsapo malole opita kumigodi ya ku Kopala, ndipo kwa iwo panalibe wina aliyense mu Lusaka wodziwa kugwira chiwongolero. Tsopano batani la shati linkawakanika.

Mayi wa fiziyo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anati zalazo zizigwira ntchito tsiku ndi tsiku, kaya kutola nyemba m'mbale, kaya kufinya kampira. Akulu anga anakana zonsezo, ati iwo si khanda. Ndipamene ndinakumbukira makina a magemu amene ana anga anawasiya popita kusukulu yogonera komweko. Anali makina akale, oyera, oimikidwa pambali pa tivi. M'bokosi lake munali zimbale zingapo, china cha gemu ya mpikisano wa magalimoto.

Tsiku loyamba nditawaonetsa gemuyo anandiseka. Tsiku lachiwiri ndinawapeza atagwira padi, kachipangizo koyendetsera gemu kaja, nkhope ili gwaa. Pa padiyo chala chachikulu chakumanzere ndicho chimakhotetsa galimoto, chala chomwe chinali chitawagonera. Galimoto yawo inkagunda mpanda, kubwerera, kugundanso. Sanasiye. Patapita milungu ingapo ankamaliza njira yonse osagunda, ndipo madzulo ndikaweruka ankandiuza za makona a mu gemumo ngati akunena za msewu wa ku Chipata. Makinawo ankalira ngati chigayo, chifukwa nthawi yonse yosewera chimbale chinkazungulira m'katimo. Mkazi wanga ankadandaula za phokosolo, koma ali kukhitchini, motsitsa mawu.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, ndili kuchipinda kuvula jekete, ndinamva kukuwa.

"Iwe! Bwela! Yabwelanso!"

Ndinathamanga. Ndinawapeza pampando wawo, padi ili pamiyendo, dzanja lamanja litagwira lamanzere mwamphamvu. Thukuta linali kamukamu pachipumi.

"Sikumvela," anatero. "Nikankha, sikumvela. Kwanja yafanso."

Mkazi wanga anali atatenga kale makiyi a galimoto. "Ba mulamu, osanyamuka. Imwe, agwileni, tiyende kuchipatala manje manje."

Ndinagwada n'kuwauza kuti afinye dzanja langa. Anafinya, ndipo mphamvu inalipo. Ndinawauza kuti amwetulire, kuti ndione ngati kamwa lapotoka monga tinaphunzitsidwira. Sanamwetulire, anangonditukwana, koma mawu anatuluka bwinobwino. Ndipamene ndinatembenukira pa tivi. Galimoto yawo yofiira inali itaima pakati pa kona, utsi wa matayala utauma m'malere. Makina ankagogoda m'kati, go, go, go. Ndinatenga padi, ndinakankha mabatani onse, palibe chinasuntha.

"Akulu, si kwanja yanu. Ni gemu yaima."

Sanandikhulupirire msanga. Tinapitabe nawo kukiliniki yapafupi, anawayeza, anati magazi athamanga chifukwa cha mantha basi. Pobwerako ndinatulutsa chimbale n'kuchiyang'ana pawindo. Chinali ndi mzere wozungulira, wokandika ngati wina wajambula ndi msomali.

Kuyambira tsikulo nyumba inasintha. Gemu inkayamba bwino, koma ikafika pa malo okandikawo inkaima, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwa. Ikaima, akulu anga ankayamba ayang'ana dzanja lawo, kenako tivi. Tsiku lina anaponya padi kukhoma. Kenako anasiya kusewera. Ankakhala pawindo kuyang'ana maminibasi pansipo, dzanja lili pamwendo, zala zikupindikira m'kati pang'onopang'ono monga zinalili atangotuluka m'chipatala.

Pa nthawi ya nkhomaliro kuntchito ndinatenga chimbalecho kupita nacho ku timashopu ta kuseri kwa msewu wa Cairo, kumene amagulitsa mafoni ndi magemu. Ndinalowa uku, ndinalowa uko, gemu yakale imeneyo panalibe anali nayo. Mayi wina wa kashopu kopanikiza anachipukuta pa makina ake, koma anapukusa mutu, ati chibalacho n'chakuya. Anandifunsa ngati makina athu amakhala choimirira. Nditavomera, anati akagwedezeka chimbale chikuzungulira amachikanda, ndiye tiziwagoneka.

"Koma ba bosi, bwanji simunainsitole?" anandifunsa.

Anandifotokozera kuti m'makinamo muli hadi diraivi, malo osungiramo zinthu. Gemu yonse ikhoza kukoperedwa mmenemo. Ikakoperedwa, chimbale chimangofunika poyambira, makina achione kuti chilipo, kenako chimasiya kuzungulira. Vuto linali lakuti pokopera makina amawerenga chimbale chonse, ndiye chathu chokandikachi sichikanatheka. Anati ndibwereke chabwino kwa munthu, ndikopere, ndimubwezere. Chathucho chizingotsegulira gemu.

Ndinafunsa paliponse. Pomaliza mnzanga wa mu ofesi, mayi wa ku Woodlands, anati mwana wake wamkulu, amene ankaphunzira ku Kitwe, ali ndi shelefu yodzaza zimbale zakale. Anakayang'ana, anachipeza. Anandipatsa Lachisanu atachikulunga m'mpango.

"Uyu mwana wanga salola munthu kugwila vinthu vake," anatero. "Abwela mailo m'madzulo na basi. Chifunika chibwelele pa shelefu akalibe kufika. Ndipo chisakandike, napapata."

Anachita kundichonderera, ndipo ndinalonjeza kuchibweza mawa lakelo mwanayo asanafike. Sindinamuuze kuti makina amene ndikukachilowetsamo ndi omwe anadya chinzake.

Loweruka m'mawa ndinawagoneka makinawo patebulo, pansi pake ndinayala thaulo. Akulu anga atamva zimene ndikufuna kuchita, anakana.

"Uzafafaniza mamotoka yanga."

Ankanena magalimoto amene anawina mu gemumo, ndi njira zimene anatsegula ndi chala chawo chodwalacho. Zonsezo zinkasungidwa mu hadi diraivi momwemo. Ndipo malo analidi ochepa, ndinayenera kuchotsamo zina za ana kuti gemu ikwane. Ndinawauza kuti zawo sindizikhudza.

"Iwe unaziba liti va makina? Ngakhale tayala siuziba kuchinja."

Ndinakhala nawo pansi, ndinawapatsa padi kuti azisankha okha chochotsa, ine ndikuwerenga mokweza dzina la chilichonse. Zinatenga nthawi yaitali. Chilichonse ankandifunsa kawiri. Mkazi wanga ankalowa, kutuluka, kuyang'ana wotchi yapakhoma. Masiku amenewo magetsi ankazima tsiku lililonse, ndipo ndandanda imene ankalengeza sinkatsatidwa kwenikweni. Tsikulo tinkayembekeza kuti azima chakumadzulo.

Dzuwa lili pamutu ndinatsegula mpango uja. Chimbalecho chinali chowala ngati sichinagwiridwepo. Ndinachiika m'kathireyi, kathireyi kanalowa, chigayo chinayamba kulira. Pa tivi panabwera kamzere kosonyeza mmene kukopera kukuyendera. Kankayenda ngati sikakufuna.

"Osagwila tebulo," ndinatero. "Osamenyetsa chitseko."

Tinakhala atatu tikuyang'ana kamzereko. Mwana wa pafulati yoyandikana nafe anathamanga pakhonde, pansi pananjenjemera. Makina anasintha kaliridwe, ndinadzuka, kenako anabwerera mwakale. Kamzere kanadutsa pakati. Akulu anga anali atatsamira kutsogolo, akupuma ndi kukamwa.

Kenako tivi inathima. Filiji inasiya kulira. Panja wina anakuwa kuti malaiti ayenda. M'makinamo tinamva chimbale chikuzungulirabe, chikuchepa mphamvu, kenako kaphokoso kakang'ono ngati chakhudza penapake, n'kuima.

Ndinakankha batani lotsegulira, ngakhale ndinkadziwa kuti palibe chichitike. Chimbale cha mwini chinali chitatsekeredwa m'kati, ndipo magetsi akapita nthawi imeneyo ankabwera anthu atagona. Mkazi wanga anabwera ndi mpeni wa patebulo kuti titsegule mokakamiza. Akulu anga anaika dzanja lawo labwino pamwamba pa makina.

"Palibe azalowetsa mpeni apa."

Ndinaimbira mnzanga uja foni. Ndinamuuza zonse, ngakhale za chimbale chathu chokandika. Iye anati kwawo kuli sola, ndibwere nawo makinawo msanga, basi ya mwana wake yadutsa kale Kabwe, ikuyandikira Lusaka.

Ndikuzula mawaya, ndinaona akulu anga akuvala nsapato. Chibwerereni kwathu anali asanatsikepo masitepe a pafulati yathu kupatula popita kuchipatala, ndipo nthawi zonsezo tinkachita kuwanyamula anthu awiri. Ankakana ngakhale kutchalitchi, ati safuna anthu awaone akukoka mwendo.

"Ba mulamu, nkhalani chabe, azabwela manje manje," anatero mkazi wanga.

"Uyu azafafaniza vinthu vanga. Niyenda."

Panalibe nthawi yokangana. Mkazi wanga ananyamula makina atawakulunga m'thaulo, chogoneka, ngati mbale yodzaza msuzi. Ine ndinatsogola chafutambuyo, akulu anga atagwira chitsulo cha m'mbali ndi dzanja lamanja, lamanzere lili paphewa langa. Sitepe iliyonse ankayamba aponda ndi mwendo wodwala, kuima, kenako wabwino. Pokhotera masitepe bondo linagwedera, thupi lawo lonse linandigwera pachifuwa, ndipo ndinamva chidendene changa chikutsetsereka m'mphepete mwa sitepe. Sindidziwa mmene tinaimira. Azimayi amene ankachapa pansipo anasiya kuchapa. Akulu anga sanawayang'ane.

M'galimoto anakhala kutsogolo, makina ali pamiyendo pawo. Kuchokera ku Kabwata kudzera ku Libala mpaka ku Woodlands si kutali, koma tsikulo maloboti anali ozima ndipo pamphambano paliponse panali kulimbirana. Ndinkayendetsa mwamantha, kuopa mabampu.

"Chinja giya, injini ilila. Iwe, lowa apa, uyo wa minibasi sazakupatsa njila. Lowa!"

Ndinalowa. Wa minibasi anaimba hutala, kondakitala anatitukwana, akulu anga anamubwezera pawindo ndi mawu amene sindingawalembe pano.

Mnzangayo anatidikirira pageti. Ataona akulu anga akutsika movutikira, nkhope yake inafewa. Anawapatsa moni mwaulemu n'kuwalowetsa pabalaza. Tinalumikiza makina ku tivi yawo. Kathireyi katatuluka, palibe anafuna kuyamba kugwira chimbalecho. Anachitenga mwini nyumba, anapita nacho pakhomo pomwe panali kuwala, anachitembenuza uku ndi uku. Ndinkangoyang'ana nkhope yake.

"Chili bwino," anatero.

Ndinaganiza kuti achibwezera pa shelefu pomwepo, ndipo sindikanamuimba mlandu. Anayang'ana foni yake, anayang'ana akulu anga, amene anali atakhala m'mphepete mwa sofa ya eni, padi ili kale m'manja.

"Itenga nthawi bwanji?" anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa bwino, koma tiyenera kuyambiranso pachiyambi. Anachibwezera yekha m'kathireyi.

Kamzere kanayambanso ulendo wake. Anatipatsa tiyi, palibe anamwa. Foni yake inalira, anali mwana wake, ati basi yalowa m'tauni, akukwera takisi. Kamzere kanali kasanafike kumapeto. Mayiyo anayankha modekha, anamuuza kuti adzere kaye kumsika agule buledi ndi mazira, kunyumba kulibe. Atadula foni anandiyang'ana osaseka.

Kamzere kanafika kumapeto, makina anasiya kulira. Tinatulutsa chimbale chabwino, mayiyo anachipukuta n'kuthamanga nacho kuchipinda. Ine ndinalowetsa chathu chokandika mokayikira, chifukwa zonsezi zinali mawu a mayi wa kashopu chabe, ndinali ndisanazione ndi maso. Chinazungulira pang'ono, chinaima. Gemu inatseguka.

Akulu anga sanayambe ndi mpikisano. Anapita kaye kumene kumakhala magalimoto awo, anawayang'ana imodzi imodzi. Kenako anasankha njira ija imene inkaima, anaiyendetsa mpaka pa kona ija, anaidutsa. Anapitiriza mpaka kumapeto, anamaliza chakumbuyo ndithu, chifukwa chala chinali chitaumanso.

Tikutuluka pageti tinakumana ndi takisi ikulowa. Mnyamata wamtali anatsika ndi chikwama ndi buledi, anatipatsa moni, anayang'ana makina amene ndinanyamula, anati amenewo ndi akale koma olimba. Patapita masiku mayi ake anamuuza okha zonse. Ndinamva kuti mnyamatayo anakwiya tsiku limodzi, kenako anatumiza zimbale zina ziwiri za magalimoto kuti akulu anga ayesere.

Akulu anga anakhala nafe mpaka mvula itayamba, kenako anabwerera ku Chelstone, mwana wawo wamkazi atabwera kudzakhala nawo. Makina anapita nawo, ana anga sanafunsidwe n'komwe. Dzanjalo silinabwerere mwakale, ndipo galimoto yeniyeni sanayendetsenso. Koma ankakwera minibasi okha kubwera kwathu Loweruka, kukhala kumpando wakutsogolo, ndipo ankafika atakangana kale ndi dalaivala.