Kiyi Wanga Ndinakamutenga ku Bari

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 3. Zilembo zikachuluka pachikwangwani zimandibalalikira ngati nyerere zapeza shuga, zimenezo sindikana. Koma miyendo yanga imadziwa njira, mphuno yanga imadziwa njira, ndipo kachewere ndamusenza zaka makumi atatu kutsika naye mapiri a ku Dedza, mumdima wa m'bandakucha, osasochera ndi tsiku limodzi lomwe.

Ku West Bromwich ndinabwera kudzalera mdzukulu. Mwana wanga wamkazi amasamalira okalamba, mashifiti ake satha, ndipo mwamuna wake ali kuweyahausi, kosungira katundu, ku Tipton. Loweruka lina ndinakwera thiramu, kasitima koyenda mumsewu kaja, kukagula ufa. Pambali panga panakhala mayi wa ku Chipata. Moni, moni, kwanu n'kuti, mvula yagwa bwanji chaka chino, macheza anakoma, thiramu inatifikitsa kumathero, ku Wolverhampton. Ndinabwerera ndekha pathiramu yomweyo, ufa uli m'manja. Kunyumba ndinapeza mwana wanga maso ali psuu, foni ili kukhutu.

"Amayi, basi. Nokha musadzatulukenso. Kiyi wa nyumba bweretsani."

"Ndasochera ine? Amene ukuyankhula nayeyu ndi mzukwa?"

"Simuwerenga zikwangwani, Amayi. Kuno si kumudzi. Bweretsani."

Ndinamasula mfundo yachitenje, kiyi anasamukira m'chikwama chake. Miyezi isanu England ndinamuonera pawindo: mabini, nkhunda, mvula, mabini, nkhunda, mvula. Ndikatuluka, ndituluke ndili pakati pa awiri ngati mbuzi yopita kumsika.

Livi yawo itakwana anapeza matikiti otchipa a ndege, kuchoka ku Birmingham kupita ku Italy, kumzinda wa padoko wotchedwa Bari. Ananditenga kuti ndikagwire mwana, tisanamizane. Ine ndinati chabwino, wogwira mwana nayenso ali ndi maso.

Mayo ine, Bari! Dzuwa lenileni, loti thukuta n'kutuluka. Tinayenda pamwamba pa linga lakale, nyanja ili mbuu kumanja. Ndinaona zombo zotalika ngati mafulati a ku Birmingham, zikumeza malole amphumphu. Tinalowa m'tchalitchi cha miyala yoyera, n'kutsikira pansi pake pomwe anagoneka woyera mtima wina, anthu akuyatsa makandulo. Koma chimene chinandikomera ndi padoko la asodzi. Abambo akumenyetsa pamwala chinyama cha m'madzi cha miyendo isanu ndi itatu, pha! pha! pha! ngati akuchapa bulangete, akuti chifewe. Ena n'kumadya chosaphika! Ndinafuna ndikhale pansi ndionetsetse.

"Amayi, tiyeni, malo atsala anayi," anatero mwana wanga, maso ali pafoni.

Tsiku lachiwiri tinalowa m'mzinda wakale kuchokera padoko paja, timisewu topanikizana toti anthu awiri onenepa sangaphonyane. Ine mwachizolowezi ndinkaika zizindikiro: apa takhota pa chofunda chofiira choyanikidwa pakhonde lam'mwamba, apa takhota pa njinga yamoto yobiriwira. Kenako tinatulukira m'kamsewu kena, mtima wanga unangoti dii.

Amayi akhala pamakomo pawo, aliyense ndi tebulo lake, akuumba tinthu ta ufa wa tirigu. Mwana wanga anati ndi achibale a makaroni, eni ake amatitcha timakutu. Manja akuthamanga, tinthu tikugwera pa sefa zazikulu. Ndiye alendo! Aima njo, mafoni m'mwamba, kujambula, kujambula, n'kudutsa. Moni ayi. Dzanja ayi.

Kwathu ukapeza anzako akutong'ola chimanga sudutsa manja ali m'chiuno. Umapereka moni, umakhala pansi, umatenga chisononkho chako, ngakhale chimodzi. Wodutsa chiimire timati sanalangizidwe. Ndinaona gogo wina wovala zakuda, msinkhu wanga, mpando uli wopanda munthu pambali pake. Ndinawerama, ndinaomba m'manja pang'ono, ndinakhala.

"Amayi! Dzukani! Iyi ndi bizinesi ya eni, si pamtondo pano!"

"Ntchito ndi ntchito. Pitani mukaone nyumba yakale ya mfumu imene mukuthamangirayo. Ine mundipeza padoko, pa abambo omenya chinyama paja, belu la 12 likamalira."

"Mufikako bwanji? Foni mwasiya kuhotela. Musochera ngati za thiramu zija."

Pamenepo ndiye ndinamuyang'ana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Tamvera iwe. Ndikasochera, kiyi usunge mpaka ndidzakwere ndege yobwerera kwathu, sindidzatchulanso. Koma ukandipeza padoko, kiyi wanga undipatse pomwepo, nyanja ikuona."

Mkamwini wanga, munthu wofatsa, anayang'ana pansi akubisa kuseka. "Mayi a mwana, asiyeni Amayi. Tiyeni." Anakankha pulemu ya mwana, anapita, mwana wanga akucheukacheuka.

Gogo wa zakuda uja anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato. Anakuwira m'nyumba, panabwera beseni la madzi, ndinasamba m'manja. Mwaona? Mwambo ndi umodzi! Anandipatsa mpeni wobuntha. Umaviringa mtanda ngati chingwe, umadula kachidutswa, umakakoka ndi mpeni patebulo, umakatembenuza pachala chachikulu, khutu latuluka. Iye khumi, ine limodzi. Langalo linatuluka khutu la bulu. Analinyamula m'mwamba kuonetsa anzake, kamsewu konse kanafa ndi phwete, ine ndemwe kuseka mpaka misozi. Anandimenya kadzanja, phaa, anagwira chala changa n'kuchitsogolera. Lachisanu linali la mbuzi. Lakhumi linali la munthu.

Iye ankayankhula chakwawo, ine chakwathu, nkhani n'kumayenda. Anandionetsa mawondo, ndinamuonetsa anga. Anawerenga zidzukulu pazala, zisanu ndi ziwiri, ine ndinamuposa ndi ziwiri. Ndinayambitsa nyimbo ya pamtondo, iye n'kumagunda mpeni patebulo. Alendo anayamba kujambula ndi ine ndemwe. Jambulani, ndinatero, koma muone kuti ine ndakhala pansi.

Mthunzi utafupika ndinadziwa kuti nthawi yayandikira. Gogo anandimangira timakutu m'kajumbo, anandipsompsona masaya onse awiri, ndinanyamuka ngati mfumukazi.

Pokhota poyamba, njinga yamoto yobiriwira palibe. Mwini wake wapita nayo. Ndinati palibe kanthu, chofunda chilipo. Ndinayang'ana m'mwamba: zingwe zokhazokha. Dzuwa la ku Italy laumitsa, mwini wake waanula! Kwathu mtengo wa mkuyu ukausiya pamphambano umaupeza pomwepo. Ine ndinaika chizindikiro pa zinthu zokhala ndi eni ake.

Timisewu tonse nkhope imodzi. Ndinakhota, ndinakhota, ndinapezeka pakhomo lomwe ndadutsa kale. Ndifunse? Nanga doko m'chinenero chawo ndi chiyani? Ndinaona windo la ku West Bromwich lija likundidikira, mabini ndi nkhunda zake. Ndinati ayi. Ayi, ayi, ayi. Mwana wobereka ndekha asanditsekere ngati nkhuku yoikira.

Ndiye kunatulukira mayi wina atanyamula jumbo, fungo la nsomba lili guu. Jumbo ikudontha, dontho, dontho, pamiyala. Nsomba yaiwisi ichokera kuti? Ndinamupatsa moni, ndinamudutsa, n'kuyamba kulondola madontho chobwerera, mutu uli pansi ngati ndataya singano. Pena dzuwa lawamwa kale, ndiime, ndinunkhize, ndiwapezenso pamthunzi. Kamphepo kamchere kanandikhudza patsaya. Kenako khutu linamva: pha! pha! pha!

Aleluya! Ndinatulukira padoko ndikuvina, kajumbo kali m'mwamba. Ndinakhala pamwala, miyendo tambalale. Belu linalira kakhumi ndi kawiri, ndinawerenga ndekha.

Iwo anafika belu litazizira kalekale, thukuta lili kamukamu, mwana akulira. Kadontho ka pafoni kamene kamawalozera njira akuti kanazunguzika m'timisewu muja.

"Mwafika bwanji, Amayi? Wakuperekezani ndani?"

"Nsomba. Kiyi wanga."

"Tikafika kunyumba tikambirana bwinobwino..."

"Nyanja ikuona," ndinatero, dzanja nditatambasula.

Anayang'ana mwamuna wake, mwamuna wake anayang'ana zombo. Anapisa m'chikwama, analimbana ndi kamphete ka makiyi mpaka chikhadabo kuthyoka, anamuika m'dzanja langa. Maso ake anali ndi misozi, ndinadziwa kuti mwanayu ankangoopa kunditaya. Ndinamupukuta ndi chitenje, koma kiyi sindinabweze. Ndinamumanga pamfundo, kawiri.

Timakutu tija tinadyera ku West Bromwich ndi nyemba. Loweruka lotsatira ndinatseka chitseko ndekha, ndinakwera thiramu, ndinakhala pawindo mpaka ku Wolverhampton, mwadala. Ndinatsika, ndinagula nthochi, ndinadyera pabenchi pang'onopang'ono, n'kubwerera nthawi imene ndinafuna ine.