Ukwati Umene Ndinathetsa Ankhoswe Osadziwa

Zopita ku Mangalande sizinali m'mutu mwanga. Mwamuna wanga Wyson atapeza malo a sukulu ku Hull mu 2011, ine ndinali namwino ku Lilongwe, ndili ndi mwana wa zaka ziwiri, Tadala, ndipo ndinkati ndimudikira konkuno. Amene anandikankha ndi amalume anga a Kamwendo, omwe anali nkhoswe yanga pa ukwati wathu. "Banja la pafoni silikhalitsa, Naphiri," anatero. "Nyamuka. Kukavuta uzindiuza ine, ndiyo ntchito yanga."

Ku Hull ndinayamba ndi kusamalira okalamba. Mphepo yake inkalowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinkatha sabata osayankhula Chichewa ndi munthu wamkulu kupatula Wyson, amene naye ankafika atatopa. Kumudzi tinkatumiza ndalama ndi zithunzi tikumwetulira. Zina zonse tinkasunga.

Nditapeza ntchito ya unamwino, ndinafunika viza yangayanga, ndipo mnzanga wina anandilozera ku kampani ya maloya yomwe inali ndi maofesi m'mizinda yambiri. Pakhomo panali mndandanda wa ntchito zawo: maviza, kugula nyumba, milandu ya kuntchito, ngozi, nkhani za mabanja, mawilo ndi chuma cha masiye. Ndinaseka ndekha kuti anthu awa akugulitsa chilichonse ngati hokala ya ku Kawale. Koma viza inatuluka. Titasamukira ku Bolton, ofesi yawo ya kumeneko inatithandiza kugula kanyumba kathu, fayilo yanga itanditsatira osafunsanso kuti ndine yani. Bwana wina atandisinthira mashifiti mosemphana ndi mgwirizano, kalata yawo imodzi inakonza zinthu. Ndinawazolowera. Chimene ndinkawakondera n'chakuti sankaweruza munthu, ndipo nkhani yako sinkafika kutchalitchi.

Wyson anapeza ntchito ku Rotherham. Poyamba ankabwera Lachisanu lililonse, kenako kamodzi pamwezi, kenako ndinamva kuti kuli mkazi wina. Sitinamenyane, sitinatukwanane, tinangozizira. Nambala ya amalume ndinkaiyang'ana n'kuibweza foni m'thumba. Ndinkachita manyazi, ndinene zoona. Anthu onse aja ankati tinadalitsika, ndiye ine ndiyambe kudandaula za banja ndili ku Ulaya?

Loya wa za mabanja anali mayi wachizungu wa imvi, wofatsa. Anandifunsa ngati panali wina amene angatikhazike pansi awirife tisanapite kukhoti. Ndinati palibe. Bodza limenelo ndinalinena mosavuta, mpaka ndinadzidabwa. Mu 2016 pepala lothetsa ukwati linabwera pa positi, ndinaliwerenga chiimirire ndikuthamangira basi. Madzulo ake Wyson anaimba. "Kumudzi tisawauze kaye. Mayi ali ndi BP, you know that. Tidzawauza tikapita." Ndinavomera chifukwa zinandikomera nanenso. Apongozi anga anapitiriza kuimba Lamlungu lililonse. "Amake Tadala, bambo akudya bwino?" Ine n'kumati akudya, osadziwa n'komwe kuti wagona kuti.

Patatha zaka ziwiri Wyson anagwa kuntchito n'kumwalira, unali mtima. Maloya omwe aja, a mbali ya chuma cha masiye, anatsegula wilo yake, ndipo zonse zinali zolongosoka, za Tadala zili poyera. Mnyamata wa suti amene ankatithandiza anandifotokozera mwaulemu kuti pamalamulo ine sindinalinso kanthu kwa malemuyo, ndinali mayi wa mwana wake basi. Mayi wa ku Rotherham uja anali atasiyana naye kale. Amalawi anzathu anasonkha, ndipo ine ndi Tadala tinaperekeza thupi kwawo ku Linthipe.

Nditangotsika galimoto, azimayi anandigwira uku ndi uku, kundifunditsa chitenje kumutu, n'kukandikhazika pafupi ndi bokosi, pamalo a mkazi wamasiye. Pepala lothetsa ukwati lija linali m'chikwama changa. Aliyense wobwera kudzapepesa ankagwada pamaso panga, ine ndili zyoli, ndikudziona ngati wakuba. Tadala anandinong'oneza, "Mum, they don't know?" Ndinamutsina pang'ono kuti akhale chete.

Titaika maliro, m'mawa mwake akuluakulu anayamba kukambirana za miyezi imene ndidzakhale ndikulira mwamuna wanga asanandisudzule, kundimasula kuti ndikhale mfulu. Apo ndinaona kuti ndikangokhala chete, bodza ili ndikalamba nalo, ndipo mwana wanga akuona. Ndinaitanira amalume kuseri kwa nyumba n'kuwapatsa pepala lija.

Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, anabwerezanso. "Amene anakhala pansi kumva mbali zonse ndani?"

"Maloya, amalume. Ndi khoti."

"Anakumanapo ndi mayi ake a Wyson? Akudziwa amene anakuperekeza tsiku la chinkhoswe?" Sanakweze mawu, ndipo bola akanakalipa. "Pepalali sindikulitsutsa, lakumasula ndi boma la kumeneko. Koma ife tinamanga tili anthu, palibe anatiitana kudzamasula. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama kuti banja la Naphiri lili bwino. Unandisandutsa nkhoswe ya chithunzi."

Anapinda pepalalo bwinobwino, kundibwezera, n'kupita kukafuna nkhoswe ya kuchimuna.

Chimene ndinkaopa kwambiri chinali apongozi anga. Anandiitanitsa kuchipinda, ndinagwada pakhomo ndikudikira kuti andithamangitse.

"Zaka ziwiri ndikuimba foni, sindinamvepo mawu a nonse awiri m'nyumba imodzi," anatero. "Ndakalamba, amake Tadala, koma makutu ndili nawo."

"Ndiye bwanji munkandifunsabe za iwo, amayi?"

"Nanga alipo anabwera kudzandiuza kuti ndisiye? Ndinkati tsiku lina mudzatopa n'kundiuza nokha."

Masana a tsiku lomwelo mbali zonse ziwiri zinakhala pabwalo. Amalume anga anafotokoza zonse osabisa, za wina uja ndi za bodza langa lomwe, n'kupepesa m'malo mwanga. Ena anang'ung'udza, mlongo wake wa Wyson ananyamuka n'kuchoka, ndipo mpaka lero sitiyankhulana. Kenako amalume ake a Wyson anaimirira atagwira chipewa m'manja.

"Naphiri, tinakulandira anthu akuona, tikukumasula anthu akuona. Mwana wathu anakulakwira, iwenso unatilakwira pobisa. Zathera pano. Pita ndi mtendere, mwanayu uzibwera naye."

Maloya aja sanandinamize pa chilichonse, ndipo ndikadzafuna thandizo ndidzapitanso. Anachita zonse zimene ndinawapempha. Kungoti ine ndinkayesa kuti kwathu ndi kumene munthu umabisa zolephera zako, chonsecho anthu ake anali okonzeka kuzinyamula nane kuyambira kalekale.

Pabwalo paja ndinalira mokweza, kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda. Amayi ena odutsa ankayesa ndi maliro, anabwera kudzandigwira mapewa. Ine ndinkalira ukwati wanga, kwa nthawi yoyamba, pamaso pa anthu amene anauvinira.