Makatoni Athu Sapita Pamoto

Iwe Yobe msuweni wanga, dzulo mpongozi wanga anatsegula bokosi lathu lachitsulo lija, amvekere, "Atate, zimakatonizi zikungoweta mphemvu, bwanji ndiyatsire mbaula?" Ndinakuwa mpaka a ku Sinda anandimva!

Sadziwa kuti makatoni a phala la azungu amenewa, a zithunzi za ankhonya ndi ampira, tinkachita kupempha kwa akhuki ku Katete nthawi ya Chitaganya, phalalo osalilawa n'komwe. Ukukumbuka tsiku lija tinapeza mtsinje utadzaza? Iwe unasenza makatoni pamutu, nsapato zako zatsopano ukuziona zikupita ndi madzi. Unangoti, "Nsapato zadzaza m'sitolo, koma wankhonya uyu alipo mmodzi." Ine katswiri wosambira chigawo chonse cha Kummawa ndinakuolotsa, ngakhale unapita kumanda ukunama kuti ndinkalira nditagwira malaya ako.

Masamba a fodya aja unkaika pakati kuti chiswe chisadye, ndimasinthabe chaka ndi chaka. Wankhonya wako wachita mbuu, koma chibakera sanatsitse, ndiye ine nditsitse bwanji? Bokosi lalowa kunsi kwa bedi langa, kiyi ali m'khosi. Wofuna kuyatsa mbaula ayambe kuotcha ine. Gona, wabodza iwe, makatoni ali bwino.