Funso Lomwe Ndinalumpha

Ntchito imeneyi anandipezera ndi azakhali anga, atatopa ndi milandu yanga. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, nditakankha mphunzitsi amene anandinyoza pagulu chifukwa cha nsapato zong'ambika. Kuchoka apo ndinasokako fodya m'zigafa za anthu, ndinapalasako kabaza, koma paliponse ndinkachoka titayambana. Lamulungu lina kutchalitchi analengeza kuti bungwe lina likufuna achinyamata oti aphunzire uphungu wa zamaganizo pachipatala chathu chaching'ono. Azakhali anakalembetsa dzina langa osandifunsa. "Ukaphunzireko kutseka pakamwa ena akamayankhula," anatero.

Anatiphunzitsa milungu itatu. Zida zake n'zochepa: fomu ya mafunso, cholembera, kabuku ka masiku obweranso, ndi mipando iwiri m'kachipinda ka kuseri komwe kale ankasungamo maneti. Munthu akatumizidwa ndi anamwino umamulonjera, n'kumuuza kuti zokambazo sizituluka panja pokhapokha moyo uli pachiswe. Kenako umafunsa mwatsatanetsatane za tulo, kudya, mutu, kulira. Funso lomaliza limati, "Kodi munaganizapo zochotsa moyo wanu?" Limenelo ndi lofunsa momwe linalembedwera, osalikulunga.

Lachinayi lililonse kunkabwera a Nyagondwe, katswiri wa zamaganizo, kudzaunika ntchito yathu. Tinkangowatchula kuti Madamu. Kwawo kunali ku Nkhamenya, anali atangomaliza koleji, ndipo nawonso iyi inali ntchito yawo yoyamba. Bungwe lija linkawathirira mafuta m'njinga yamoto, komanso linapeza katswiri wina wamkulu ku Lilongwe woti aziwaimbira foni Lachisanu, kuwaunika iwonso. Ine Lachinayi ndinkadana nalo. Sabata yonse wasenza mavuto a anthu mpaka khosi kuuma, ndiye wina abwere kudzafunsa kuti unakhala bwanji pampando?

Mu Seputembala, nthawi yofesa nazale, kunabwera bambo wina wa ku Wimbe. Pano ndingowatcha a Mbewe. Anali a msinkhu wa malemu bambo anga, mkamwini pamudzi wa akazi awo. Chigafa chawo chinagwa ndi mvula fodya ali pamikangala, masamba onse n'kuwola, ndipo kuyambira pamenepo alamu awo ankawaseka pamowa. Tulo analibe. Anandiuza kuti njinga anapatsa mphwawo, kuti chaka chino safesa nazale, komanso kuti pobwera anadzera kugolosale kukagula mankhwala opopera. Zonsezo ndinalemba. Nditafika pa funso lomaliza, ndinaimitsa cholembera. Munthu wandivulira chipewa, akunditcha mwana wake, ine n'kumufunsa zimenezo? Kwathu kuno mawu otere kwa wamkulu ali ngati kumuitanira maliro. Ndinangoti, "Koma mukulimba mtima eti, bambo?" Iwo anati, "Tikulimba." Ndinachonga pa "ayi".

Limenelo linali Lachiwiri. Lachinayi Madamu anawerenga fomuyo kawiri.

"A Lameki, tiyeni tiyeseze," anandiuza. "Ine ndine a Mbewe. Ndifunseni funso lomaliza momwe munawafunsira."

Ndinabwereza mawu anga aja.

"Limenelo lili pati pafomupa?" anafunsa. "Kwathu timalimanso fodya. Munthu wosafesa nazale akufuna apopere chiyani?"

Mtima unandiwira. Ndinaponya fomu pansi, mpando n'kugwa. "Inu n'za m'mabuku basi! Bambo anu okuberekani mungawafunse choncho?" Ndinakuwa mpaka alonda anasuzumira pawindo.

Madamu anatola fomu ija n'kuisasa fumbi. "Mwatha? Ine mwezi wanga woyamba ndinalumpha funso lomweli kwa mayi wina. Abwana anga anandinenetsa pafoni kakhumi, ndikulira. Mukwiye tili panjira. Kwerani."

Msewu wa ku Wimbe nthawi imeneyo ndi fumbi lokhalokha. Njira yonse ankandiuza kuti, "Nenani," ine n'kumanena funsolo kumsana kwawo, mokuwa chifukwa cha injini. Mnyamata wina woyendetsa ngolo anatiyang'ana ngati amisala. Pomwe tinkafika, mawu aja anali atasiya kundiluma pakamwa.

Tinawapeza a Mbewe atakhala pamtanda wa chigafa chakugwa chija. Madamu anagwada, kuwalonjera, kenako anapita pakhonde kukathandiza akazi awo kutong'ola chimanga. Anandisiya dala.

Ndinanjuta patsogolo pawo. "Bambo, Lachiwiri lija ntchito yanga sindinamalize. Mundikhululukire. Kodi munaganizapo zochotsa moyo wanu?"

Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinkangodikira khofi.

"Iwe mwana, anakulera ndani?"

"Azakhali anga."

"Sanakuphunzitse ulemu." Anawerama, chala chikulembalemba pansi. "Eya. Ndimadikira kuti adzukulu apite kwawo Loweruka."

Anaimirira, n'kupisa dzanja muudzu wa denga lakugwalo, n'kutulutsa botolo la mankhwala aja, losatsegula. Ndinaitana Madamu, tinachita momwe ndondomeko imanenera: botolo tinatenga, tinawafunsa amene akufuna kuti adziwe. Apongozi ndi alamu anawakana kwamtuwagalu. Anasankha akazi awo ndi mphwawo. Tinalemba papepala zoti achite maganizowo akabweranso ndi woti amuuze, ndipo m'mawa mwake mphwawo anawakweza panjinga anamupatsa ija kukaonana ndi adokotala. Pobwerera Lachinayi lomwelo, Madamu anaimitsa njinga pamlatho. Anati, "Bola mawa ndi Lachisanu, a ku Lilongwe andiimbira."

Thandizo la bungwe lija linatha chaka chatha. Foni ya ku Lilongwe inasiya kulira, mafuta anasiya kubwera, Madamu anawasamutsira kuchipatala cha kuboma. Pa aphungu asanu amene tinayamba, tatsala awiri. Anthu sanachepe ayi, makamaka fodya akakanidwa kuokushoni. Masiku ena ndimafika kunyumba osafuna kumva mawu a munthu, ndipo mkwiyo wanga sunapite kulikonse, ndimangoumeza mpaka ndituluke pageti.

Chimene ndinatolapo n'chakuti ulemu womwe umakutseka pakamwa ukhoza kuika munthu m'manda. Funso lija sindinalumphenso. Koma chimandidya n'chakuti, cholakwa changa chija sindinachione ndine. Ndinachonga "ayi" n'kukagona tulo tabwinobwino. Lero Lachinayi ine ndi mnzanga timasinthana mafomu n'kumawerengerana, koma tonse ndife osaona mofanana, ndipo sindidziwa kuti ndikulumpha chiyani tsopano.

A Mbewe chaka chimenecho anadzala soya. Akabwera ndi mdzukulu kusikelo amaima pakhomo pa kachipinda kaja n'kufunsa anamwino mokweza, "Wopanda ulemu uja alimo?"

Ndimatuluka n'kuwalonjera ndi manja awiri. Kenako ndimawakhazika pampando, n'kuwafunsanso.