Mayi Ipyana ndi Kachipinda ka Kuseri kwa Holo

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa malemu Mayi Ipyana Mwafulirwa m'nyuzi ya parishi yathu, ndipo ati ndilembe mofatsa. Ndiyesetsa, koma ndinene poyera kuti ndakwiya.

Mayi Ipyana adabadwira ku Karonga mu 1952, m'banja la Chikatolika. Adakula akutumikira m'tchalitchi, ndipo adaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale zaka makumi awiri ndi zisanu. Amuna awo atamwalira adabwera ku Leeds kudzawonjezera maphunziro, kenako adakhazikika kuno ku Wakefield. Apa adauzidwa kuti mapepala awo ndi operewera, n'kupatsidwa ntchito yogawa mabuku ndi kuletsa phokoso m'kalasi. Sadadandaulepo. Wodandaula ndinali ine, mnansi wawo.

Mu 2016 adapeza mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, dzina lake Zofia, akulira pasukulu. Makolo ake adali ochokera ku Poland, ndipo anzake adamuuza kuti azipita kwawo. Mayi atamufunsa za kwawoko, mwanayo adati sadziwa kalikonse ndipo safuna n'kudziwa komwe. Yankho limenelo lidawasowetsa mtendere. Adakhalira kuwerenga miyezi ingapo, adafunsafunsa kwa anthu a ku Poland amene amabwera ku Misa ya masana, kenako adapempha kachipinda ka kuseri kwa holo ya parishi kuti aziphunzitsiramo Loweruka m'mawa.

Ankabwera ana khumi ndi anayi a msinkhu wa Zofia. Mayi ankawafotokozera momwe mayiko atatu adagawanirana Poland n'kulifafaniza pa mapu kwa zaka 123, ndi momwe ana a m'tauni ina adakwapulidwira chifukwa chokana kuphunzira katekisimu m'Chijeremani. Kawirikawiri ankati, "Dziko akhoza kukulandani, koma pemphero la m'chinenero cha amayi anu mumalitaya nokha."

Nanga ife Amalawi anzawo tidatani? Tidawapatsa dzina loti Mayi Poland, n'kumaseka, pomwe ana athu enieni amatiyankha m'Chingerezi tikawafunsa ngati adya. Mu 2019 kwaya yathu idasirira kachipindako chifukwa ndi kofunda, ndipo mu komiti ya holo tidalimo ambiri.

"Mayi, ife tilibe problem ndi ana a eni ake," adatero a Bester, wapampando wathu, "koma choir ikufuna practice. Inu ndinu Mmalawi, za ku Poland zikukukhudzani pati?"

"Bambo, anawa adabatizidwa ngati anu omwe," adayankha Mayi. "Ndikungopempha one hour basi."

Manja asanu ndi awiri adakwera kuti achoke, awiri okha kuti akhale. Mwa asanu ndi awiriwo limodzi lidali langa, chifukwa ndinkaimba m'kwayamo. Ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

Mayi adasamutsira kalasi m'kanyumba kawo kopanikiza, ana akukhala pansi, ndipo pang'onopang'ono adatsala anayi. Komabe Mayi ankachapa nsalu za paguwa sabata iliyonse ndi kutipatsa moni wa manja awiri. Kwaya yathu ija idayimbira m'kachipinda kaja miyezi itatu yokha n'kuyambana. Kuyambira pamenepo mumangokhala mipando yothyoka, chitseko chili chokhoma.

Atagona m'chipatala chaka chino, ophunzira awo akale ankasinthana powadwazika. Tsiku lina adandigwira dzanja.

"Constance, Zofia akuphunzira uphunzitsi tsopano," adatero. "Akufuna kupitiriza kalasi ija. Mukandipemphereko makiyi."

Ndidakapempha. Komiti idati ikambirana. Mayi adalandira masakramenti, ndipo Lachinayi masana adatsikira kuli chete, korona ili m'manja, nkhope ili phee. Pamaliro tidaimba mokweza ndithu, ndipo a Bester adanena mawu okoma kwambiri onena za kudzipereka kwawo.

Papita miyezi iwiri, komiti ikukambiranabe. Loweruka lapitali ndidapeza Zofia ndi ana asanu ndi mmodzi ataima kuseri kwa holo, mabuku atawafunditsa majekete, mvula ikuwathera pathupi. Mzimu wa Mayi Ipyana uuse mumtendere, koma ife mtenderewo usatipeze mpaka chitseko chimenecho chitatsegulidwa.