Sabata Imene Mzere Unapindikira

Pa famu ina ya nkhuku ankamutcha Namzere. Anayamba ndi kutola mazira ali mtsikana, kenaka anamupatsa kope loti azilembamo, pomaliza mpando ndi kompyuta. Mpandowo sankaukhalira. Ankagwira ntchito ali chiimire, mwendo ukugwedera ngati munthu wodikira basi.

Lolemba lililonse ankalowetsa chiwerengero cha mazira mu pulogalamu yowerengera. Iyo inkaika dontho limodzi pa sabata iliyonse, n'kudutsitsa mzere wowongoka pakati pa madonthowo. Chaka china mzere umodzi unakana. Madontho anakwera bwinobwino, kenaka n'kuyamba kutsetsereka. Zikatero pamafunika mizere iwiri yokumana ngati denga la nyumba, ndipo pokumanira pake amasankha ndi munthu.

Abwana analowa, n'kuloza pa kompyuta ndi kiyi wa galimoto.

"Pindani apa, sabata ya 30. Si pomwe mlamu wanu anayamba kudyetsa nkhuku?"

"Ndi pomwepo, bwana."

"Ndiye Lachisanu atsanzike. Pepalalo ndilipeze mawa."

Namzere anapinda pa 30. Pulogalamu inavomera, poti siikana munthu. Koma madontho atatu anatsalira pansi pa nsonga ya denga lija, ndipo iye sanawakonde. Anayenda mpaka pawindo, n'kubwerera. Anathira tiyi, n'kumuiwala.

Mlamu uja, mwamuna wa mng'ono wake, bambo wa ana anayi, anasuzumira pakhomo atanyamula ndowa.

"Alamu, makina anuwo andiweruza kale?"

"Akazi anu zikwi zinayi akulira njala kukhola. Pitani."

"Mukandichotsa, tonse tidzagona kwanu."

"N'chifukwa chake ndikulimbikira."

Anasuntha popindikira paja. Anayesa 29, 28, 27, 26, ulendo uliwonse n'kulemba padzanja nambala yosonyeza kutalikirana kwa madontho ndi mzere. Yochepetsetsa inali ya 27. Sabata imeneyo mlamu anali asanaponde pa famupo.

Nanga pa 27 panagwa chiyani? Anathamangira kukhola. Chakudya n'chomwecho, madzi omwewo, magetsi omwewo. Anabwerera, n'kutsitsa makope akale pa shelefu. Anatsegula tsamba la sabata ya 26, kenaka la 27. Mwendo uja unaleka kugwedera.

Tsamba la 27 linalibe danga la mazira ong'aluka. Anali atalichotsa yekha sabata imeneyo, poti linkamuchedwetsa. Kuyambira pamenepo otola mazira ankawerenga abwino okha, ong'aluka n'kumangoponya m'beseni. Tsono nkhuku ikamakalamba chikamba cha dzira chimapyapyala, ndipo beseni linkadzaza msanga sabata ndi sabata. Nkhuku zinkaikira ndithu. Chomwe chinkatsetsereka linali kope lake.

Anapita kukawerenga mazira a m'beseni la tsikulo, limodzilimodzi, mpaka zala kunanda. Ataphatikiza, chiwerengero chinabwerera m'mwamba.

M'mawa mwake anaika mapepala awiri patebulo la abwana.

"Ili ndi la mlamu wanga, munalifuna lija. Ili ndi langa. Loona ndi langali."

Abwana anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ndichotse inuyo?"

"Mukhoza. Mzere muzipinda nokha ndi kiyi."

Abwana sanaseke. Analamula kuti danga lija libwerere m'kope, ndipo Namzere awerenge yekha mazira ong'aluka kukhola kwa mwezi wathunthu. Ankati n'chilango.

Lachisanu mlamu anamupeza atawerama pa beseni.

"Alamu, akutsitsani?"

"Kuno kulibe mpando. Sunthani ndowa yanuyo, mukundisokoneza. Ndinali pa 63."